Ofuna Kugula Nyumba M'mbali mwa Madzi Ayambe Afunsa

Masiku ano anthu ambiri a m'dera la Mfumu Maseya, m'boma la Chikwawa, ali ndi maganizo ogula nyumba kapena malo omangapo nyumba. Ena apeza ndalama ku nzimbe, makamaka kuyambira chaka cha 2011 pamene alimi a kwa Phata anagwirizana kulima nzimbe pamodzi. Ena agulitsa thonje, chitowe kapena ng'ombe, ndipo ena ali ndi ana amene ali pa ntchito ku Blantyre kapena ku Joni, amene amatumiza ndalama kuti makolo awagulire malo. Ichi ndi chinthu chabwino, pakuti ndalama imene yalowa m'nyumba siuluka monga ndalama ya m'thumba.

Koma pafupifupi malo onse amene anthuwa ali kuwayang'ana ali pafupi ndi madzi. Bereu, Dyeratu, Nchalo, Bangula ndi Nsanje onsewa ali m'chigwa cha Shire. Amene ali ndi ndalama zochulukirapo amalakalaka Mangochi, Monkey Bay kapena Senga Bay, m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Nkhani ino yalembedwa kuti ithandize onsewa, ndipo mfundo yake yaikulu ndi imodzi: munthu asanafunse mtengo wa nyumba, ayambe wafunsa pamene madzi analekeza zaka zapitazo.

ZOKOMA ZA KUKHALA KUMADZI

Palibe chodabwitsa kuti anthu amakonda kumanga pafupi ndi madzi. Amang'anja akhala m'mbali mwa Shire zaka mazana ambiri. Amakololo amene anadza ndi David Livingstone natsalira m'chigwa muno, monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, nawonso anamanga midzi yawo kufupi ndi mtsinje, chifukwa masiku amenewo mtsinje ndiwo unali mseu. Sitima zapamadzi zinkafika kwa Katunga, ndipo katundu wa ku Blantyre ankatsitsidwa pomwepo n'kukwera phiri pamitu ya amtengatenga.

Lero lino madzi akali kudyetsa anthu. Munthu wa m'chigwa amene ali ndi dimba amakolola chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe pamene mnzake wa kumphala nkhokwe yake yayamba kupepuka. Nsomba monga mlamba ndi makakana sizisowa pa msika. Kunyanja nako kuli chambo, usipa, utaka ndi kampango, ndiponso kumafika alendo ochokera kutali amene amafuna malo ogona. Nyumba yabwino pa Nchalo, pamene pali fakitale ya shuga, kapena pa Mangochi, sikhala nthawi yaitali yopanda munthu wochita lendi.

Zonsezi nzoona. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madzi amene amabweretsa nsomba ndi chinyontho ndi omwewo amene amagwetsa zipupa, ndipo wogula ayenera kudziwa mayendedwe ake.

NYANJA NDI SHIRE NDI MADZI AMODZI

Mitsinje yambiri imathira m'nyanja ya Malawi, koma mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjamo ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Umatuluka pafupi ndi Mangochi, n'kudutsa m'nyanja yaing'ono ya Malombe, n'kufika pa Liwonde. Kuchokera ku Matope umatsika pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene amapangira magetsi, kenaka n'kulowa m'chigwa pa Chikwawa. M'chigwamo umayenda pang'onopang'ono, n'kumwazikana m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, n'kukumana ndi Ruo pa Chiromo, n'kupitirira pa Nsanje mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Ulendo wonsewu ndi wa makilomita pafupifupi 400.

Nyanja siikhala pa muyeso umodzi. Imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndiponso imakwera ndi kutsika pa zaka makumi angapo. Cha m'ma 1915 inatsika kwambiri kotero kuti madzi analeka kutuluka, ndipo kumtunda kwa Shire kunatsekeka ndi mchenga ndi bango kwa zaka pafupifupi 20. Pa nthawi imeneyo anthu a m'chigwa analima ndi kumanga m'malo amene kale anali madambo. Madzi atayambanso kutuluka cha m'ma 1935, minda yambiri ija inamira, ndipo eni ake anasamuka. Mu 1980 nyanja inakwera mpaka mamita pafupifupi 477 kuwerengera pa muyeso wa nyanja yaikulu ya mchere. Zaka zotsatira inatsikanso, ndipo anthu anaiwala, nayamba kumanga pamchenga pamene madzi anachokapo. Mu 2024 inakweranso kupitirira mamita 476, ndipo nyumba zambiri ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zinalowa madzi.

Pa Liwonde pali chotchinga madzi chotchedwa Kamuzu Barrage, chimene chinamangidwa mu 1965. Zitseko zake ndizo zimachepetsa kapena kuonjezera madzi olowa mu Shire. M'chaka cha 2024, eni nyumba a kunyanja anadandaula kuti zitsekozo zitsegulidwe kwambiri kuti madzi aphwere kwawoko. Koma madzi amene achoka pakhonde la munthu wa ku Mangochi amadzafika pa munda wa munthu wa kwa Maseya, ndipo panjira angathe kuononga makina a magetsi. Chifukwa chake oyang'anira madzi sangatsegule monga afunira munthu mmodzi. Wogula nyumba, kaya kunyanja kaya m'chigwa, asadalire zitseko za pa Liwonde kuti zidzampulumutsa.

ZAKA ZIMENE MADZI ANAFIKA M'MIDZI

Madzi osefukira amene amadzidzimutsa anthu m'chigwa kawirikawiri sachokera kunyanja ayi. Amachokera ku mvula imene yagwa m'mapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre, Mwanza ndi Neno. Chifukwa chake nthawi zina madzi amalowa m'nyumba usiku kunja kuli nyenyezi. Mitsinje ya Mwanza, Mkombedzi, Likhubula, Mwamphanzi, Livunzu, Thangadzi ndi Lalanje imatsika mwaliwiro, ndipo ikafika pachidikha imasowa kolowera. Ruo akadzaza amatchinga Shire pa Chiromo, ndipo madzi a Shire amabwerera m'mbuyo n'kudzaza dambo ndi midzi yozungulira.

Mu 1997 madzi anadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu anawatcha Mtayamoyo. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndiwo anavutika koposa. Anthu oposa 100 anafa m'dziko lonse, ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Ruo anasiya njira yake n'kutsegula ina, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba. Mu Malichi 2019 madzi anabweranso pa nthawi ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, magetsi a pamenepo n'kuzima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mseu waukulu wa M1 unaduka m'malo angapo pakati pa Chikwawa ndi Nchalo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kumwera, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo.

Munthu akawerenga zaka zimenezi aona kuti pa zaka 9 zokha, kuyambira 2015 kufika 2023, madzi aakulu anabwera kanayi. Nyumba ya njerwa munthu amamanga kuti ikhale zaka 40 kapena 50. Tsono amene agula pamalo otsika adziwiretu kuti nyumba yakeyo idzakumana ndi madzi kangapo ana ake asanakule.

Chimene chaonjezera vutoli ndi kutha kwa mitengo kumapiri. Dothi limene likokoloka kumtunda limadzakhala m'mitsinje ya m'chigwa. Mtsinje umene kale unali wakuya tsopano wadzaza mchenga, ndipo madzi ochepa okha amakwanira kuusefukiritsa. Motero mawu akuti "agogo anakhala pano osaona madzi" sakwanira masiku ano. Ofunika kufunsidwa ndi amene analipo mu 2015, 2022 ndi 2023.

KAYENDEREDWE KA MALO

Malonda ambiri a nyumba amachitika pakati pa Juni ndi Okutobala, pamene anthu agulitsa zokolola. Imeneyi ndiyo nthawi imene malo onse amaoneka okoma, pakuti pansi pauma ndipo galimoto imafika pakhomo. Wogula wanzeru amaona malo m'chilimwe, koma ndalama amapereka atawaonanso mu Febuluwale kapena Malichi, mvula ili pakati. Wa kunyanja apite mu Epulo kapena Meyi, chifukwa ndiyo miyezi imene nyanja imafika pamwamba penipeni, ndipo abwerenso mu Juni kapena Julayi kudzaona m'mene mphepo ya mwera imaponyera mafunde kumtunda.

Akafika pa nyumbayo ayang'ane zinthu izi.

Choyamba, zipupa. Madzi amasiya mzere pamene analekeza, ndipo mzerewo umaoneka pa chipupa cha kuseri, m'chimbudzi, m'khola kapena pa mitengo ya pabwalo. Ngati penti wa m'munsi mwa chipupa ndi watsopano pamene wa m'mwamba ndi wakale, pali chifukwa chofunsira. Zitseko zotupa m'munsi ndi simenti yapansi yophulika zimanenanso chimodzimodzi.

Chachiwiri, zomera. Bango, gumbwa ndi udzu wa m'dambo sizimera pouma. Mchenga watsopano umene wakwirira tsinde la mtengo kapena maziko a nyumba yoyandikana nayo ukusonyeza kuti mtsinje unadutsa pomwepo. Kakhwawa kouma kodutsa m'mbali mwa malo asakapeputse, pakuti madzi saiwala khwawa.

Chachitatu, nyumba za anansi. Ngati pozungulira pali mabwinja ambiri, kapena nyumba zambiri nzatsopano pamene mitengo ya mango ndi yakale, ndiye kuti nyumba zakale zinagwa.

Chachinayi, njira yothawira. Nyumba ingathe kukhala pachitunda koma njira zonse zopita ku chipatala, ku sukulu ndi ku mseu waukulu n'kumira. Mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo sangadikire masiku atatu kuti madzi aphwe.

Pambuyo pake afunse anthu, koma osati wogulitsa yekha kapena mkhalapakati amene adzalandira gawo lake malonda akatheka. Afunse amayi amene amatunga madzi pa mjigo, aphunzitsi a pa sukulu imene anthu anathawirapo, asodzi a padoko, ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zadzidzidzi. Funso likhale lolunjika: kodi mu 2022 ndi 2023 madzi analekeza pati, ndipo anakhala masiku angati? Safunsa anadya phula.

DOTHI, MADZI AKUMWA NDI CHIMBUDZI

M'chigwa muli dothi lamitundumitundu. Makande, dothi lakuda lija lopezeka kwambiri cha ku Ngabu, ndi labwino ku thonje koma ndi loipa ku nyumba. Mvula ikagwa limatupa, dzuwa likawala limang'ambika, ndipo maziko a nyumba amayenda nalo limodzi. Ming'alu yoyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko ndiyo chizindikiro chake. Kumata simenti pamng'alu wotere sikuthandiza, chifukwa chaka chamawa udzatsegukanso. Kunyanja vuto ndi mchenga, umene umakokoloka pansi pa maziko mafunde akafika.

M'malo ena a Chikwawa ndi Nsanje pansi pali mchere. Kale anthu ankatcheza mchere ku dothi lomwelo n'kumagulitsa. Mchere umenewu umakwera m'njerwa ndi chinyontho, n'kuoneka ngati ufa woyera m'munsi mwa chipupa, ndipo pang'onopang'ono njerwa zimafumbutuka. Umalowanso m'madzi a pansi, kotero kuti mijigo ina imatulutsa madzi osamweka. Nchomvetsa chisoni kukhala moyang'anana ndi mtsinje waukulu koma ana n'kumayenda mtunda wautali kukafuna madzi akumwa. Tsono wogula alawe yekha madzi a mjigo wapafupi. Ngati pali mpopi wa Southern Region Water Board, bungwe limene limapereka madzi m'matauni a Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Nsanje ndi Mangochi, afunse masiku amene madzi amatuluka, ndiponso aone ngati mwini nyumba sanasiye ngongole ya madzi kapena ya magetsi.

Chimbudzi ndicho chimayamba kugwa madzi akabwera. Pamene madzi a pansi ali pafupi, dzenje limadzaza msanga ndipo zoipa zimalowa m'zitsime. Umu ndi m'mene kolera amafalira. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, pambuyo pa anamondwe a chaka chimenecho, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja ndi a m'chigwa anali m'gulu la ovutika. Dzenje la chimbudzi liyenera kuwakidwa ndi njerwa kuyambira pansi, pakamwa pake pakwezedwe, ndipo litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

MATENDA NDI ZILOMBO

Munthu wobadwira kwa Maseya adziwa kale kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene muyeso wa kutentha umapitirira madigiri 40. Adziwanso udzudzu. Koma nyumba imene ili pafupi ndi thamanda kapena ngalande za madzi othirira imakhala ndi udzudzu chaka chonse, ndipo banja liyenera kugona m'masikito usiku uliwonse. Mawindo akhale ndi sefa, ndipo mpata wa pakati pa chipupa ndi denga utsekedwe.

Likodzo limapezeka m'madzi odekha mmene muli nkhono, m'chigwa ndi kunyanja komwe. Ana amene amasamba m'madzi otere ndiwo amadwala kwambiri, ndipo mankhwala ake alipo ku chipatala. Ng'ona ndi mvuu ndi zambiri mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe, ndipo madzi akasefukira ng'ona zimafika m'malo amene sizifika masiku onse. Banja la ana aang'ono liganize kawiri lisanagule nyumba imene bwalo lake limathera kumadzi.

MAPEPALA A MALO

Anthu ambiri ataya ndalama osati chifukwa cha madzi koma chifukwa cha kugula malo kwa munthu amene si mwini wake. Malamulo a malo anasintha mu 2016, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la malo ndi lina la malo a makolo, ndipo anakonzedwanso mu 2022. Mwa malamulo amenewa, malo a makolo amayang'aniridwa ndi komiti ya malo imene wapampando wake ndi Gulupu, pamodzi ndi anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi ali momwemo. Banja lingathe kulembetsa malo ake ndi kulandira satifiketi. Ntchito yolembetsa malo inachitika m'madera a mafumu angapo a ku Chikwawa pokonzekera ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira. Malamulowa anaikanso malire pa kagulitsidwe ka malo a makolo ndi ka malo opanda chomangidwapo. Chifukwa chake kakalata kolembedwa pa tsamba la kope, ngakhale kakhale ndi chidindo cha Nyakwawa, sikakwanira. Wogula apite ku ofesi ya malo kwa Bwanamkubwa wa boma limene kuli malowo asanapereke ngakhale tambala imodzi.

M'tauni, nyumba zambiri zili pa malo a lizi, ndipo lizi ya nyumba yokhalamo kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Wogula aone chikalata chenicheni, osati chojambula. Dzina la pa chikalatacho lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Akafufuze ku kaundula wa malo ku Blantyre ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki, ndiponso ngati msonkho wa malo unalipidwa. Ngati nyumbayo ili pa malo a khonsolo kapena a Malawi Housing Corporation, kusintha dzina kuchitikire ku ofesi yawo. Malire asonyezedwe pamaso pa anansi onse.

Pali chinthu china chimene chimadzetsa milandu yambiri. Pakati pa Amang'anja malo amatsata mbumba, ndipo pakati pa Asena amatsata kuchimuna. Mphwake kapena mwana mmodzi angathe kugulitsa mobisa, abale ake n'kudzatulukira nyumba itamangidwa kale. Tsono mwini mbumba, mkazi wa wogulitsa ndi abale ena aakulu akhalepo ndipo asaine. Ngati mwini nyumba anamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha bwalo la milandu. Wogula nyumba ya amasiye kwa mlamu kapena malume wopanda chilolezo chimenechi adzailuza. Ndalama ziperekedwe kudzera ku banki kuti pakhale umboni.

Pomaliza, pali malo ena amene munthu saloledwa kumangapo ngakhale atagula. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje ndi mwa nyanja malamulo a madzi amaletsa kumanga. Bungwe la National Water Resources Authority lachenjeza kuti kunyanja ya Malawi munthu asamange m'munsi mwa mzere wa mamita 477, pamene madzi anafika mu 1980. Lamulo loona za ngozi zadzidzidzi la 2023 limapatsanso Boma mphamvu yosamutsa anthu m'malo oopsa. Munthu amene agula pamalo otere wagula mlandu.

PHUNZIRO LA DOKO LA NSANJE

Ogulitsa malo amakonda kunena za zimene zidzabwera: mseu, fakitale, hotela, ngalande. Anthu a m'chigwa ali ndi chitsanzo chapafupi. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, ndipo kunamveka kuti sitima zidzayenda kuchokera kunyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndi kuti Nsanje idzasanduka mzinda. Anthu anathamangira kugula malo, ndipo mitengo inakwera. Koma dziko la Mozambique silinalole kuti sitima zidutse kafukufuku woyenera asanachitike, ndipo ntchitoyo inaima. Amene anagula poyembekeza mzinda anatsala ndi malo opanda phindu limene ankaliyembekeza.

Sikuti chitukuko sichibwera. Koma mtengo wa nyumba uyesedwe ndi zimene zilipo lero: msika umene uli kugwira ntchito, sukulu imene ana ali kuphunziramo, madzi amene ali kutuluka pa mpopi. Zamawa zikabwera zidzakhala zoonjezera chabe.

AMENE ALAKALAKA KUNYANJA

Tauni ya Mangochi, imene kale inkatchedwa Fort Johnston, ili m'mbali mwa Shire pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Kuchokera pamenepo kulowera ku Monkey Bay kuli malo ambiri ogona alendo ndi nyumba za anthu olemera. Munthu wa kwa Maseya amene afuna kugula kumeneko akumbukire kuti adzakhala mlendo. Anthu ambiri kumeneko ndi Ayao, ambiri a iwo ndi Asilamu, ndipo mlendo wolemekeza miyambo ya eni dera amakhala bwino. Asodzi ali ndi njira zawo zopitira kumadzi ndi malo awo oyanikapo usipa ndi makoka. Mpanda umene utseka njira yotere umabala udani umene sutha.

Nyumba ya m'mphepete mwenimweni ndi yokwera mtengo, ndipo ndiyo imayamba kulowa madzi. Ya kumtunda pang'ono, kuseri kwa mseu, ndi yotsikirapo mtengo, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito za Boma amene amachita lendi chaka chonse amakonda yomweyo. Alendo oona nyanja amabwera nyengo ndi nyengo, pamene wa lendi amalipira mwezi ndi mwezi. Nyumba imene mwini wake ali kutali imafunanso munthu wokhulupirika woiyang'anira, ndipo ndalama yake iwerengedwe pamodzi ndi ya ulendo wokaiona. M'mbali mwa nyanja mumachitikanso zivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, kotero nyumba ya kumeneko iyenera kukhala ndi lamba wa simenti ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa mazenera.

KAMANGIDWE KOYENERA

Amene wapeza malo abwino, kapena amene sangathe kuchoka pamene ali, angachepetse ngozi ndi kamangidwe. Maziko akumbidwe mpaka pa dothi lolimba, ndipo akwezedwe kupitirira pamene madzi analekeza m'chaka choipitsitsa. Njerwa za m'munsi ziwakidwe ndi simenti, osati matope, pakuti nyumba zambiri zimene zinagwa m'madzi osefukira zinali za zidina kapena zowakidwa ndi dothi, zimene zimasungunuka madzi akaima masiku awiri. Pakati pa maziko ndi chipupa payalidwe pepala lapulasitiki lotchinga chinyontho ndi mchere. Khonde likhale lalikulu mbali zonse kuti mvula isamenye chipupa. Denga limangiriridwe ku chipupa ndi waya wolimba chifukwa cha mphepo, ndipo siling'i imachepetsa kutentha kwa malata. Pabwalo pabzalidwe mitengo ya nimu, koma motalikirako ndi maziko.

M'nyumba mukhale nsanja kapena shelefu yam'mwamba yoikapo mbewu, ufa ndi mapepala ofunika atakulungidwa m'pulasitiki. Banja lonse lidziwe kumene lidzathawire, ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi lisadikire kuona madzi pakhomo. Zonsezi zimadya ndalama. Tsono nyumba yotsika mtengo ya kudambo, ikaonjezeredwa ndalama ya maziko, ya chimbudzi chowaka ndi ya kukonza chaka ndi chaka, kawirikawiri imaposa mtengo wa nyumba ya kumtunda.

Makolo a m'chigwa anali ndi nzeru imene ikali yothandiza: nyumba kumphala, dimba kumadzi. Munthu angathe kudya za mtsinje popanda kugona m'njira yake. Amene ali ndi mafunso apite ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene kuli a za malo, a mapulani a matauni ndi a nthambi yoona za ngozi zadzidzidzi. Amene adziwa kuwerenga awerengereko anzawo nkhaniyi pa misonkhano ya m'mudzi ndi ya makalabu a alimi, nyengo yogulitsa zokolola isanafike.